Ndinapita ku Essen ndi Bawo M'chikwama

Bawo yanga ndi yopinda pakati, yosemedwa pa mlombwa, ndipo nkhomo zake 64 zimakhala m'kathumba ka chitenje kamene anandisokera mlongo wanga. Ndinaigula kwa osema ziboliboli mumzinda wa Blantyre chaka chimene ndinkasamukira ku Britain, ndipo kuyambira pamenepo inangokhala pamwamba pa kabati ku Leicester, kusowa woisewera. Usiku woti mawa tinyamuka ndinaitsitsa, ndinaipukuta fumbi, n'kuigoneka pansi penipeni pa chikwama.

"Adadi, kumene tikupitako kuli masewera osawerengeka," anatero mwana wanga wamkazi ataima pakhomo. "Bawoyo mukuitengeranji?"

"Kwa eni ake sapita chimanjamanja, mwanawe," ndinamuyankha.

Ulendowu unali maganizo ake. Iye anabadwira ku Britain komweko, ndipo chiyambire sukulu ya ukachenjede, tchuthi chilichonse amabwera ndi bokosi latsopano: lina la mbalame, lina la sitima, lina la alimi a nyemba. Ine ndinakula ndikudziwa kuti masewera a patebulo ndi owerengeka: bawo ya madoda pansi pa mtengo wa mango, drafuti ya zitsekerero za mabotolo pakhonde la golosale, ludo, njoka ndi makwerero, ndi tchesi ya kusekondale. Onsewa tinawapeza alipo kale, monga tinapezera phiri la Mulanje, ndipo sindinaganizepo kuti pali munthu amene amadzuka m'mawa ntchito yake n'kukhala yopeka masewera. Mwanayo ankati anthu otere alipo ambiri, ndipo chaka ndi chaka mu Okutobala amasonkhana mumzinda wa Essen ku Germany. Ndinafuna kukadzionera ndekha.

Tinakwera sitima ya Eurostar pa siteshoni ya St Pancras ku London m'mamawa wa Lachitatu, pa 2 Okutobala 2024. Titadutsa minda ya ku Kent, sitima inalowa m'ngalande ya makilomita 50 yodzera pansi pa nyanja, imene inatsegulidwa mu 1994. Kwa mphindi ngati 20 pawindo pankangooneka nkhope zathu zomwe. Kuwala kutabwerera tinali ku France. Ku Brussels tinasintha n'kukwera sitima yoyera ya ku Germany yodzera ku Liège ndi Aachen, ndipo masana tinatsika ku Köln, kumene tchalitchi chachikulu cha nsanja ziwiri zakuda chimakuweramira ukangotulutsa mutu pa siteshoni.

Apa m'pamene ndinayamba kuwazindikira anzathu apaulendo. Ankakoka masutikesi akuluakulu koma opepuka, oonekeratu kuti mulibe kanthu. Ena ananyamula tingolo topinda. Ankapita kukadzaza. Sitima ya ku Essen itangowoloka mtsinje wa Rhine, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi amene anakhala pafupi nafe anagoneka sutikesi pamaondo n'kuisandutsa tebulo. Chimene chinandikopa maso ndi kagwiridwe kawo ka makhadi: nkhope za makhadiwo zinayang'ana kwa anzawo, mwini wake n'kumaona kumsana kokha. Mwana wanga anandinong'oneza kuti amenewo ndi Hanabi, masewera amene anapeka Antoine Bauza wa ku France. Aliyense amaona makhadi a anzake, ake ayi. Onse ali mbali imodzi, ndipo ayenera kuyala makhadi a mitundu 5 motsatana kuyambira 1 mpaka 5. Mnzako amaloledwa kukuuza kanthu kamodzi kokha, mtundu kapena nambala, ndipo mwayi wouzanawo ndi wowerengeka.

Ndinaona mtsikanayo ataloza makhadi awiri m'dzanja la mnzake n'kutchula liwu limodzi. Mnyamatayo anakhala duu kwa kanthawi, milomo ikugwedera, akusinkhasinkha chifukwa chimene mnzakeyo wamuuzira zimenezo tsopano lino osati poyamba paja. Kenako anasolola khadi limodzi osaliona, n'kuliika pansi. Linali lolondola. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti makhadi amabisidwa kwa mnzako. Munthu wina anangotembenuza dzanja, ndipo panabadwa masewera a kukhulupirirana.

Essen ndi mzinda wa m'chigawo cha Ruhr, dera limene linakula ndi malasha ndi zitsulo. Banja la Krupp linkasula zitsulo zake mumzinda umenewu. Madzulo a tsikulo tinapita ku Zollverein, mgodi wa malasha umene unatsekedwa mu 1986, ndipo mu 2001 bungwe la UNESCO linauika m'gulu la malo oyenera kusungidwa padziko lonse. Nsanja yake yofiirira ya chitsulo idakaima chilili ndi magudumu ake akuluakulu pamwamba, koma zingwe sizikokanso kanthu. M'chinyumba chimene munkatsukidwa malasha muli malo osungiramo mbiri ya chigawochi, ndipo ana amapalasa njinga pakati pa njanji zakale. Mgodi wotsiriza wa mtundu umenewu m'Germany monse unatsekedwa mu 2018 ku Bottrop, pafupi pomwepo. Mzinda umene kale unkatchuka ndi utsi, lero alendo ochokera kutali amaudziwa ndi matebulo.

M'mawa wa Lachinayi sitima yapansi ya U11 inali yothithikana ngati minibasi ya ku Ndirande nthawi yoweruka. Inatitula pa Messe Essen, mabwalo a zionetsero oyandikana ndi paki ya Gruga. Chionetserochi chimatchedwa SPIEL, liwu la Chijeremani lotanthauza masewera. Chinayamba mu 1983 m'zipinda za sukulu yophunzitsa akuluakulu. Chaka chimene tinapitachi, m'masiku 4 chinalandira anthu 204,000, oonetsa malonda oposa 900 ochokera m'mayiko oposa 50, ndi masewera atsopano oposa 1,500.

Zitseko zitatseguka 10 koloko, ndinkayembekeza phokoso la zimkuzamawu. Chimene chinandilonjera ndi mkokomo wapansipansi wa anthu zikwizikwi akufotokozerana malamulo, ndi kugogoda kwa madayisi pamatabwa, ngati mvula ikamayamba padenga la malata. Holo iliyonse ndi yodzaza matebulo. Ukaona mpando wopanda munthu umangokhalapo, wantchito wovala malaya a kampani amabwera kudzakuphunzitsa masewerawo, ndipo umasewera ndi aliyense amene wakhala nawe, kaya ndi gogo wa ku Netherlands kaya mwana wa sukulu wa ku Spain. Palibe amene amakukakamiza kugula.

Mwana wanga anatola bokosi n'kundilozera pamwamba pake. Panali dzina la munthu, monga limakhalira pachikuto cha buku. Zimenezi sizinabwere zokha. Mu 1988, pa chionetsero cha zidole ku Nuremberg, opeka masewera angapo anasainirana pa kapepala kolimba koikapo tambula ya mowa kuti sadzaperekanso masewera awo ku kampani imene siilemba dzina la wopeka pabokosi. M'mbuyo mwake, mu 1979, atolankhani olemba za masewera anali atayambitsa mphoto ya Spiel des Jahres, ya masewera opambana pa chaka. Oyamba kuilandira anali masewera a David Parlett wa ku England, a mpikisano wa Kalulu ndi Kamba, amene Ajeremani anawasintha kukhala wa kalulu ndi kanungu. M'masewerawo suyenda ndi dayisi. Umalipira makaroti: sitepe imodzi karoti 1, masitepe awiri makaroti 3, atatu 6, anayi 10. Wothamanga amasauka msanga, ndipo wovomera kubwerera m'mbuyo amapeza makaroti ena. Nzeru yoti wosewera azisankha yekha m'malo momangomvera dayisi ndiyo mbewu ya zambiri zimene ndinaona m'maholo muja.

Mbewuyo inabala kwambiri mu 1995, pamene Klaus Teuber, amene ntchito yake inali yopanga mano oikirira, anatulutsa Catan. Chilumba chake chimayalidwa mwatsopano nthawi iliyonse. Osewera amakolola matabwa, njerwa, tirigu, ubweya wa nkhosa ndi miyala ya chitsulo, ndipo popeza palibe amene amakhala nazo zonse, amasinthana ngati pamsika, wina akunenerera nkhosa ziwiri pa njerwa imodzi. Palibe wotulutsidwa masewera ali mkati kuti azikangoonerera anzake, monga zimakhalira pa Monopoly. Teuber anamwalira mu 2023, mabokosi a Catan oposa 40 miliyoni atagulitsidwa.

Masiku awiri tinayenda holo ndi holo mpaka mapazi kutupa. Patebulo lina tinasewera Azul ya Michael Kiesling, m'mene umatola timatailosi tosalala ngati maswiti n'kumakongoletsa khoma monga amachitira ku Portugal. Ukatola tambiri mwadyera, totsalato timagwa pansi n'kukudyera mapointi. Pena tinapeza Wingspan ya Elizabeth Hargrave wa ku America, mayi wokonda kuonerera mbalame amene anafuna masewera onena za chimene amachikonda: makhadi 170, lililonse ndi mbalame yakeyake, kutalika kwa mapiko ake, chakudya chake ndi mtundu wa chisa chake, ndi timazira ta mawangamawanga toikira pamwamba. Pa Bohnanza ya Uwe Rosenberg ndinalima nyemba. Lamulo lake lalikulu ndi lachidule: makhadi a m'dzanja lako sasinthidwa ndondomeko, ndiye nyemba imene ili kutsogolo uyenera kuidzala ngakhale zitatanthauza kuzula mbewu zina zosakhwima, pokhapokha utanyengerera mnzako kuti aitenge isanafike kutsogoloko. Pa Dixit panali zithunzi zokhazokha zonga maloto. Wina amaponya mawu ophiphiritsa, enafe n'kumalota chithunzi chimene akunena, monga tinkachitira ndi ndagi madzulo pamoto. Ndinaona masewera amene ndi chimapu chimodzi chachikulu, choyang'ana ndi galasi lokulitsa pofufuza chigawenga. Ena olamula kung'amba khadi ndi kumata tizikwangwani pa bolodi kuti zimene mwachita lero zidzakutsateni mawa. Ena a ku Japan okwana m'thumba la malaya. Ena olemera moti mwini wake ankawafungata ndi manja awiri.

Koma tebulo limene sindidzaliiwala ndi la Sky Team, masewera a Luc Rémond amene anatenga mphoto ya Spiel des Jahres mu 2024. Ndi a anthu awiri okha. Ine ndinali woyendetsa ndege, mwana wanga wothandizira, ndipo ntchito yathu inali kukatera bwino pa bwalo la ku Montréal. Aliyense ali ndi madayisi 4 amene amawaponya kuseri kwa kachotchinga, anga abuluu, ake a olenji. Musanaponye mukhoza kukambirana. Mukangoponya, pakamwa patsekedwe. Mumasinthana kuika dayisi limodzilimodzi pa bolodi: apa mapiko, apa injini, apa matayala, apa mabuleki, apa wailesi yochotsera ndege zina panjira. Pa mapiko aliyense ayenera kuikapo dayisi, ndipo ndege imapendekera kwa amene waika nambala yaikulu. Ikapendekeka kwambiri, mwagwa nonse.

Ulendo woyamba tinagwa. Wachiwiri, bwalo likuoneka kale, ndege inali itapendekera mbali yake ndi timizere tiwiri. Kuseri kwanga kunatsala 2 ndi 3 basi. Akanaika nambala yaikulu pa mapiko, tikanagwanso, ndipo ine sindikanatha kumuchenjeza. Anaona kuti pamapikopo ndakhala ndikupazemba. Anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali, monga ankandiyang'anira ali wakhanda, kenako anatulutsa 1 n'kuiika pa mapiko. Ndinaikapo 3, ndege inawongoka. Mwana ameneyu ndi ine timavutika nthawi zina kumvana, iye ndi Chingerezi chake chothamanga, ine ndi Chichewa chimene amachimva bwino koma amachiyankhula mokoka. Patebulo lija tinamvana popanda liwu, ndipo titatera ndinapeza kuti ndamugwira dzanja.

Si zonse zimene zinandikomera mtima. Pamalo ogulitsa masewera akale ndinapeza bokosi lolembedwa Mombasa, la mu 2015, m'mene osewera amagula masheya m'makampani a atsamunda ofalitsa malonda awo mu Africa. Pambali pake panali Puerto Rico ya mu 2002, m'mene timitengo tofiirira timatsika m'sitima ya pamadzi n'kukagwira ntchito m'minda ya nzimbe, fodya ndi khofi. Munthu wochokera dziko limene linalawa thangata sangagwire timitengo timeneto ndi mtima wopepuka. Osewera ambiri anadandaula, ndipo madandaulowo anamveka. Alexander Pfister, wopeka Mombasa, anaikonzanso n'kuisamutsira kumwezi pa dzina la Skymines. Puerto Rico inatulukanso ngati Puerto Rico 1897, osewera ali alimi a pachilumbapo odziimira paokha. R. Eric Reuss anaitembenuza nkhani yonse: mu Spirit Island ya mu 2017, osewera ndi mizimu ya chilumba imene ikuthandizana ndi eni nthaka kupirikitsa obwera kudzalanda. Bokosi lililonse limakamba nkhani, ndipo amene akuikamba amasankha woima pakati ndi wokhala pambali. N'chifukwa chake ndinakondwa kumva za Kenechukwu Ogbuagu wa ku Nigeria, amene kampani yake ya NIBCARD Games imapeka ndi kupanga masewera ku Abuja, ndipo inalandira mphoto ya Diana Jones mu 2021. Komabe m'maholo a Essen, Africa ndinkaiona kwambiri pa zithunzi za mikango ndi njovu kusiyana ndi pa mayina a opeka.

Loweruka, pakona ina kutali ndi zikwangwani zikuluzikulu, bambo wina wa imvi anatikodola. Masewera ake analibe bokosi. Makhadi anali odula ndi sizasi, olembedwa pamanja. Bolodi inali katoni. Ndalama zinali mabatani a malaya. Anali masewera a asodzi ogawana nyanja imodzi: ukakokolola nsomba lero, mawa nonse mupeza zochepa. Anati wakhala akuwakonza zaka zitatu, madzulo akaweruka kuntchito. Tinasewera anthu anayi, iye ali chete, kope lili pamwendo. Tili mkati, mwana wanga anazindikira kuti woyamba kuponya khoka ndiye amangopambana, ndipo anawauza bambowo mwaulemu. Sanakhumudwe. Anamufunsa mafunso awiri, anatenga pensulo, anakhwatcha mzere umodzi papepala la malamulo n'kulemba wina: wogwira nsomba zochepa ndiye aziyamba ulendo wotsatira.

"Tiyesenso," anatero.

Tinayesanso, ndipo masewerawo anakhala ena. Aliyense anayamba kudziletsa, akudziwa kuti dyera la lero limuika kumbuyo mawa. Lamulo linabadwa ine ndikuona, kuchokera m'kamwa mwa mwana wanga ndi pensulo ya munthu wosamudziwa.

Usiku umenewo malo olandirira alendo a hotela yathu anali atasanduka holo inanso. Anthu ankang'amba mapulasitiki a mabokosi atsopano, ena atakhala pansi penipeni chifukwa matebulo anatha. Ndinakwera kuchipinda kukatenga bawo. Nditaitambasula n'kukhuthula nkhomo, kulira kwake pa mlombwa kunatembenuza makosi. Mayi wina wachikulire wa ku Germany ndi mnyamata wa ku Poland anakoka mipando. Ndinawaonetsa mizere 4 ya maenje 8, iwiri yanga, iwiri ya mnzanga, ndipo ndinayamba ndi bawo yophweka imene timaphunzirira tili ana, nkhomo ziwiri m'dzenje lililonse. Ndinawaonetsa kuyendetsa nkhomo imodziimodzi, kudya za mnzako pamene yomaliza yagwera m'dzenje lakutsogolo lokhala kale ndi nkhomo moyang'anizana ndi zake, ndi kutakata pamene palibe chodya. Mnyamatayo ankalondola ndi chala m'mwamba dzanja limodzi limene linazungulira kawiri lisanagone, n'kupukusa mutu: mulibe dayisi, mulibe chobisika, koma mapeto ake savuta kukuthawa. Nditawauza kuti ya akuluakulu ili ndi nyumba, dzenje la ngodya zinayi lokhala ndi malamulo akeake, ndi nkhomo zosungira m'manja zolowa imodziimodzi, mayi uja anaipendeketsa pang'ono bawoyo n'kusuzumira kunsi kwake.

"Anapeka ndani?" anafunsa.

Ankafuna dzina. Ndinawauza kuti bawo ndi mbale wake wa bao ya ku Zanzibar ndi kugombe la Tanzania ndi Kenya, ndi kuti oipeka sanasiye mayina awo pathabwa. Koma ndikuyankha choncho, m'maso mwanga munabwera bambo wa pensulo uja. Nyumba ija sinamere yokha. Wina, tsiku lina, pansi pa mtengo wina, anati tiyese kuti dzenje ili likhale losiyana ndi anzake. Madoda anatsutsa, anayesa, anakonza, mpaka lamulo linakhazikika. Chimene ndinkachiyesa phiri lopezeka kale chinali ntchito ya anthu, ndipo anthuwo anali athu. Luso limene ladzaza maholo a Essen si lachilendo kwa ife. Tinangofika poganiza kuti ntchitoyo inatha ndi makolo.

Alendo aja atatsanzika, mwana wanga anasendera n'kukhala moyang'anizana nane. Zaka zonsezi bawo ankaiona ngati chokongoletsa m'nyumba. Usiku umenewo anaisewera mpaka pakati pausiku, akufunsa chifukwa cha lamulo lililonse.

Lamlungu pobwerera, titangodutsa Aachen, anatulutsa kope ndi pensulo n'kuyamba kujambula timabwalo.

"Adadi, kumudzi kwa agogo chimanga amadzala liti?"

"Mvula yoyamba ikagwa, Novembala kapena Disembala."

"Nanga nkhokwe imatha liti?"

"Kwa ambiri ndi Januwale ndi Febuluwale, chimanga chili m'munda koma chisanakhwime."

Analemba. "Ndiye wosewera azisankha: kukapalira munda wake, kapena kukagwira ganyu kwa mnzake kuti ana adye lero."

"Usaiwale dima," ndinatero. "Anthu kulimirana munda ndi munda, mwini munda atakonza thobwa."

Anandifunsa kuti dima limayenda bwanji, ndani amaitana, nanga wojomba amatani naye. Ndinamufotokozera mmene ndinkaonera ndili mnyamata, iye akulemba ndi kukhwatcha. Pafupi ndi Liège anayang'ana uku ndi uku kufuna choyesera. Ndinapisa dzanja m'chikwama, ndinamasula kathumba ka chitenje, n'kukhuthulira nkhomo pa katebulo ka m'sitima. Anawerenga 10 n'kuzikankhira kwa ine.

"Iyi ndi nkhokwe yanu, adadi. Mvula yagwa. Yambani ndinu."